Cifukwa ciani acinyamata athu akugona m'zipatala?

Inu amene mumayenda nafe kukazonda odwala pa Sondo masana mukudziwa zimene tikuona masiku ano. Kale tikalowa mu wodi tinali kuyembekezera kupeza madala ndi agogo amene thupi latopa. Tsopano ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ngakhale ku UTH ndi ku Levy Mwanawasa, mabedi ambiri muli anyamata ndi atsikana a zaka 19, 24, 30. Pambali pa bedi pamakhala amai ao, atakhala pa mpando kapena pa citenge pansi, amene ku cipatala amachedwa bedisaida. Amaiwo asiya tebulo lao la tomato ku maliketi, ndipo tsiku lililonse limene ali pamenepo kunyumba sikulowa ngwee.

Tikamaceza ndi anamwino a m'mipingo yathu, amatiuza kuti odwala ambiri a msinkhu umenewu sanafunikire kugonekedwa. Tanthauzo lake ndi ili: matenda ao akanatha kupewedwa, kapena akanacizidwa tsiku limodzi pa kiliniki ya m'komboni munthu n'kubwerera kwao, koma anafika mocedwa matenda atakula. Sitikunena za khansa kapena siko selo, matenda amene munthu sasankha. Tikunena za matenda amene njira yake yowatsekera ikudziwika.

Madzi ndi zimbudzi

Tiyambe ndi kolera cifukwa bala lake likali laliwisi. Mliri umene unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu opitirira 20,000 m'dziko lonse ndipo opitirira 700 anamwalira, ambiri a iwo muno mu Lusaka. Mu January 2024 Boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala cipatala ca kolera, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 February. Sikunali koyamba. Mu 2017 ndi 2018 kolera inapha anthu opitirira 100, asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku.

Cifukwa cimene kolera imabwerera ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama cili pansi pa mapazi athu. Mbali imeneyi ya mzinda inakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mabowo, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Ndiye cifukwa cake munthu akakumba pang'ono amapeza madzi. Koma pa poloti imodzimodziyo pali cimbudzi cokumba, mwina mamita ocepa cabe kucokera pa citsime. Mvula ikagwa, zonyansa za m'cimbudzi zimayenda m'ming'alu ija n'kulowa m'citsime. Madzi amaoneka oyera ndithu, ndipo sanunkha. Maso sangakuuzeni kanthu.

Acinyamata amagwidwa cifukwa ndiwo amacoka m'mawa n'kubwera usiku. Amadya pa msewu, amamwa madzi alionse amene apeza ku nchito, ndipo m'mimba mukayamba kutsegula amati ndi cakudya ca dzulo, cidzatha. Kolera siipatsa munthu nthawi yotere. Cimbudzi cimakhala camadzi ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamphamvu angathe kuuma thupi m'maola ocepa, impso n'kuima. Gawo lalikulu la amene anamwalira mu mliri wapitawu anafera kunyumba kapena asanafike bwino ku cipatala. Comvetsa cisoni n'cakuti odwala kolera ambiri amacira ndi madzi a ORS cabe akayamba msanga. Ngati mulibe paketi ya ku kiliniki, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ikanimo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, ndipo wodwala ayambe kumwa pomwepo, akumwa ali pa njira yopita ku kiliniki. Musadikire kuti kuce.

Kabotolo ka klorini ndi kochipa kuposa ulendo umodzi wa minibasi wopita ku UTH ndi kubwerera. Ife amene timakonza cakudya ca pa maliro ndi pa misonkhano tiyeneranso kusiya cizolowezi cosamba m'manja anthu makumi atatu m'beseni limodzi. Madzi azithiridwa kucokera m'jagi, ndipo sopo akhalepo.

Kusiya mankhwala

Apa ndi pamene tifuna kukhalitsa, cifukwa nkhaniyi imakhudza ife a mipingo mwacindunji. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti akulu 11 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi HIV, ndipo cigawo ca Lusaka cinali pamwamba pa zigawo zonse. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za Boma kwa zaka pafupifupi 20 tsopano, ndipo kuyambira 2017 munthu akapezeka ndi kacilombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Ambiri lero amamwa piritsi limodzi cabe pa tsiku. Munthu amene amamwa mokhulupirika, kacilombo kamacepa m'magazi mpaka makina osakaona, amagwira nchito, amakwatira, amabereka ana opanda kacilombo.

Nanga n'cifukwa ciani mnyamata wa zaka 23 akugona m'wodi ataonda, mutu ukumuwawa kwa milungu itatu? Kawirikawiri yankho ndi lakuti anasiya mankhwala. Pali m'badwo wa ana amene anabadwa ndi HIV m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000. Ali ana, agogo kapena azakhali ndiwo anali kuwapatsa mapiritsi. Tsopano akula, akhala m'nyumba za lendi ndi anzao, ena ali pa koleji, ena apeza cibwenzi cimene sacinauze. Botolo la mapiritsi limacita phokoso m'cikwama. Pa kiliniki ya Kalingalinga kapena ya Mtendere amaopa kukumana ndi neba pa mzere. Amadumpha tsiku limodzi, kenako sabata, ndipo poona kuti thupi lili bwino amaganiza kuti mankhwalawo analibe nchito. Kacilombo kamaculukana mwakacetecete miyezi yambiri, citetezo ca thupi cimagwa, ndiye pamabwera TB, cibayo, kapena matenda oumitsa khosi oyamba ndi mafangasi, amene amafuna dripi ya masiku ambiri m'cipatala ndipo amapha anthu oculuka ngakhale atalandira thandizo.

Ena sanasiye cifukwa ca manyazi. Anauzidwa pa guwa kuti acira. Sitichula maina, koma tonse tamva za aneneri amene amagulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa n'kuuza odwala kuti kupitiriza mapiritsi ndi kusowa cikhulupiriro. Ife tayenda kumanda a Chingwere ndi a Leopards Hill kukaika ena mwa ana amenewa. Tinene momveka: kumwa mankhwala si kukana Mulungu. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo pamene mfumu Hezekiya anadwala, mneneri Yesaya analamula kuti amuike mankhwala a nkhuyu pa cotupa cake. M'busa kapena mkulu wa mpingo amene apempherera wodwala afunsenso kuti, kodi mankhwala mukumwa? Ndipo ngati wina akhulupirira kuti wacira, apite akapimidwe, amve zimene a cipatala adzanena asanataye botolo.

Kwa amene anasiya, khomo silinatsekedwe. Bwererani, ngakhale papita caka. Mwina nesi adzakalipa pang'ono, koma adzakuyambitsaninso. Ngati mukuopa maso a anthu a m'komboni mwanu, mungapemphe kusamutsira fayilo yanu ku kiliniki ina. Amene akumwa bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi itatu mpaka 6 nthawi imodzi, kotero nkhani yopempha cilolezo ku nchito mwezi uliwonse inatha. Ndipo wina akagwiriridwa kapena akagona ndi munthu mosadziteteza, pali mankhwala a PEP oletsa kacilombo kukhazikika, koma ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe.

TB imayenda njira yofanana. Kupima makhololo ndi kwaulere, mankhwala ndi aulere, ndipo amamwedwa miyezi 6. Vuto limabwera pa mwezi waciwiri pamene cifuwa caleka ndipo munthu wayambanso kunenepa. Akasiyira pamenepo, TB imabwerera, nthawi zina itasanduka yosamva mankhwala wamba. M'cipinda cimodzi cogona anthu asanu mawindo otseka, amene wasiya mankhwala sakudwala yekha. Cifuwa ca milungu iwiri, thukuta la usiku ndi kuonda si zogulira mapiritsi awiri a amokisilini pa kantemba.

Mowa ndi msewu

Mu 2012 Boma linaletsa tujilijili, ndipo ambiri tinaomba m'manja. Koma mowa uja unangosintha covala. Unacoka m'tumapulasitiki n'kulowa m'tumabotolo ta junta, ndipo kacasu sanacoke m'makomboni. Lamulo la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18, koma yendani m'mawa cabe pa siteshoni ya minibasi muone amene ali kale ndi kabotolo m'thumba.

Mowa umagoneka wacinyamata m'cipatala m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya usiku umodzi: ndeu ya pa bala, botolo losweka kumaso, kugwera mu ngalande, kugundidwa ndi galimoto podutsa Lumumba Road kapena Kafue Road mumdima. Funsani aliyense wogwira nchito ku kajuwaliti za Cisanu ndi Ciweru ca kumapeto kwa mwezi. Yaciwiri ndi ya pang'onopang'ono: kusanza magazi, kutupa kwa kapamba kumene kumapweteka m'mimba koopsa, ciwindi kuonongeka munthu asanafike zaka 35. Makolo adziwenso ici: mwana amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, mukamutsekera m'nyumba kuti asiye mwadzidzidzi, angathe kunjenjemera, kuona zinthu zosaoneka ndi kugwa ngati wakhunyu, ndipo zimenezi zimapha. Kusiya kotere kumafuna thandizo la cipatala. Chainama si ya amisala cabe monga timanenera monyoza. Kuli anthu odziwa kuthandiza omwerekera ndi mowa, camba ndi mankhwala a cifuwa amene anyamata ena amamwa kuti aledzere.

Ngozi za pa msewu zimapha anthu pafupifupi 2,000 caka ciliconse m'Zambia, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi. Ovulala ndi oculuka kuposa pamenepo. Fupa la nchafu likathyoka, munthu amakhala m'wodi milungu, ndipo pisiweki imene anali kudalira imapita kwa wina. Masiku ano taonjezerapo njinga zamoto zopereka katundu ndi kunyamula anthu. Nchitoyo ndi yabwino ndipo yadyetsa mabanja ambiri, koma cisoti copacika pa handulo siciteteza mutu, ndipo cosamanga lamba cimauluka munthu asanafike pansi. Pamene pali mlatho wa oyenda pansi, monga pa UNZA, kukwera masitepe kumatenga mphindi ziwiri cabe.

Mimba zobisidwa

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anaonetsa kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati. Ambiri a iwo, pamodzi ndi akulu ao a zaka za m'ma 20 amene sanakwatiwe, amabisa mimba mpaka itaonekera yokha. Amamanga citenge colimba, amasiya kubwera ku kwaya, ndipo ku sikelo sapita. Koma ku sikelo ndi kumene amapima BP, magazi, cindoko ndi HIV. BP ya pa mimba siimveka m'thupi mpaka mutu utayamba kuwawa kwambiri, maso kuona zinthu zothwanima, nkhope ndi manja kutupa, kenako kukomoka. Ikapezeka msanga imasamalidwa ndi mapiritsi ndi kuonedwa pafupipafupi.

Ena amayesa kucotsa mimba mobisa ndi zitsamba, mapiritsi ogula kwa anthu osadziwika, kapena zinthu zolasa. Zimene mipingo yathu imaphunzitsa pa nkhaniyi mukuzidziwa ndipo sitizibwereza pano. Cimene tifuna kunena n'cakuti mtsikana amene akutaya magazi, akutentha thupi, kapena akutuluka zonunkha afunika cipatala tsiku lomwelo, kaya cinacitika n'ciani. Masiku awiri a mantha m'cipinda ndiwo amasandutsa vuto lothandizika m'maola ocepa kukhala opaleshoni yocotsa cibaliro, kapena maliro.

Pano tidzifunse tokha. Ngati mwana wathu amaopa cilango ca mpingo ndi mkwiyo wa atate ake kuposa imfa, kodi tamuphunzitsa ciani za nyumba yake? Mwambo wa mpingo uli ndi malo ake ndi nthawi yake. Koma amai a m'cigwirizano ndi alangizi angathe kuperekeza mtsikana ku sikelo lero, nkhani zina n'kukambidwa pambuyo. Kumbukiraninso kuti kuyambira 1997 malamulo a sukulu amalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka, kotero mimba si mapeto a maphunziro ake.

Zina mwacidule

Mu June ndi July timalandira uthenga wa anthu opezeka atakomoka m'cipinda ndi mbaula. Zinakula mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Malasha akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene sununkha ndipo suoneka. Munthu amamva mutu ndi cizungulire, amagona, osadzukanso. Mbaula itulutsidwe panja musanagone, ngakhale moto ukuoneka ngati wazima. Mukapeza munthu atakomoka motere, mutulutseni panja pa mphepo ndipo thamangirani naye ku cipatala.

BP ndi shuga timaziyesa matenda a okalamba ndi a mabwana. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa akulu asanu m'dziko muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sanapimidwepo. Kupima kumatenga mphindi zocepa. Wacinyamata amene akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi ndi kuonda popanda cifukwa apimidwe shuga, ndipo amene ali pa jekeseni ya insulini asaisiye ngakhale pa masiku osala kudya asanafunse dokotala. Wa asima asaope kapampu kopumira. Mphekesera yakuti ukakayamba sungakasiye yagoneka ambiri pa okosijeni. Khunyu nalo ndi matenda a mu ubongo amene ali ndi mapiritsi ake, ndipo silipatsirana. Ambiri amene timawaona atapsa ndi moto wa mbaula anagwa atasiya mankhwala.

Pali gulu lina limene mabanja sakonda kulichula: acinyamata amene amwa mankhwala a makoswe kapena ophera tizilombo. Kumbuyo kwake kumakhala ngongole ya kaloba, ndalama za lendi kapena za sukulu zimene zapita ku beting'i pa foni, cibwenzi cimene catha, kapena zaka zoyenda ndi satifiketi osapeza nchito. Nthawi zambiri munthuyo anali atanenapo mau ena, ife n'kuwayesa nthabwala. Mwana akanena kuti watopa ndi moyo, khalani naye pansi, mufunseni mosabisa, ndipo cotsani poizoni m'nyumba. Nambala za 933 ndi 116 ndi zaulere ndipo kuli alangizi. Ngati wamwa kale, musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira. Nyamulani botolo kapena paketi ya cimene wamwa kuti a cipatala aone, ndipo pitani pomwepo.

Nkhani ya ndalama

Tikudziwa yankho limene ambiri adzatipatsa: ku kiliniki kuli mzere, umataya tsiku lonse, pomaliza amakulembera pepala kuti ukagule wekha. Nthawi zina zimenezi n'zoona, ndipo sitikana. Mnyamata amene amadya cimene wapeza tsiku lomwelo saona cifukwa cosiyira wilibala yake pa Soweto cifukwa ca cifuwa. Koma tiwerengere pamodzi. Malipiro a pa kiliniki za Boma anacotsedwa m'dziko lonse mu 2012. Zipatala za Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata zinakulitsidwa mothandizidwa ndi dziko la Japan kuti anthu asamathamangire ku UTH pa ciliconse. Tsiku limodzi pa mzere limatayitsa malipiro a tsiku limodzi. Milungu iwiri m'wodi imatayitsa malipiro a wodwala ndi a bedisaida, kuonjezapo transipoti ya abale, cakudya, ndi zopima zina zimene zimalipiridwa.

Inshuwalansi ya NHIMA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 ndipo inayamba kugwira nchito mu 2019. Wolembedwa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, abwana naonso amaikapo 1 peresenti. Ambiri sadziwa kuti ogulitsa pa maliketi, oyendetsa mabasi ndi ena odzilemba okha nchito angathe kulembetsa naonso. Makolo afufuze ngati mwana amene wapitirira zaka 18 akali pa khadi lao, cifukwa ambiri amazindikira kuti anacotsedwa ali kale pa windo la cipatala. Makiliniki ambiri alinso ndi malo a acinyamata kumene angalankhule ndi anzao ophunzitsidwa popanda kuima pa mzere umodzi ndi azakhali ao.

Tikupempha akulu a madera ndi atsogoleri a acinyamata kuti mvula isanayambe mu November ayendere nyumba za akhristu ao, aone pamene pali citsime ndi pamene pali cimbudzi, ndipo afunse ngati m'nyumbamo muli klorini ndi paketi ya ORS. Mipingo imene ili ndi anamwino pakati pao iwapemphe kubwera ndi makina a BP Sondo limodzi pa mwezi, tebulo liikidwe pa khomo pamene acinyamata amatulukira.